Bambo Mateus, Amene Anayeretsa Dzina la Mnansi Wawo

Bambo Mateus anabadwira ku Mozambique, m'banja la katekisiti, ndipo anadziwa mapemphero asanadziwe kulemba dzina lawo. Nkhondo itafika povuta anawoloka malire ndi akazi awo, mayi Marcia, atangonyamula khasu ndi kolona. Anakhazikika ku Milonde n'kuyamba ntchito yothyola tiyi.

Atagula njinga, inasanduka ya mudzi wonse. Amayi oyembekezera ndi ana odwala malungo ankawapalasa mpaka kuchipatala, kaya kuli dzuwa kaya mvula. Wina akafuna kuthokoza mopitirira, iwo ankati, "Njingayi ndi ya Ambuye, ine ndimangopalasa."

Imvi zitabwera, anayamba kubanika. Kachitunda komwe kale ankakwera akuimba kanayamba kuwatsitsa panjinga. Kenako miyendo inatupa mpaka nsapato zinakana kulowa. Apa n'kuti atangokangana kumene ndi mnansi wawo, a Evance, pa za malire a munda.

"Achimwene, mwaponda mankhwala m'malire muja," anatero mng'ono wawo, Carlos. "Tiloleni tikamusasulire denga ameneyo."

"Musakhudze ngakhale udzu umodzi," anayankha akupuma movutikira. "Ndiperekezeni ku Boma kaye."

Kuchipatala anawauza kuti BP yawo inakwera kalekale iwo osadziwa, mtima watopa, n'chifukwa chake madzi akuunjikana m'miyendo. Anawapatsa mapiritsi akumwa tsiku lililonse, anawauza kuti achepetse mchere, ndipo asiyiretu kunyamula anthu panjinga. Lamulo la njingali ndi lomwe linawaliza.

Pomwe ankabwerera kumudzi, anthu anali atasiya kupereka moni kwa a Evance, ndipo ana awo ankagendedwa popita kumjigo. Lamulungu, Misa itatha, Bambo Mateus anapempha mpata. Anaima kutsogolo atagwirizira benchi, anakwinya thalauza kuti onse aone miyendo.

"Abale, ndatupa chifukwa cha mtima wanga. A Evance tinakangana za munda, inde, koma sanandilodze. Amene akuwagendera ana akugenda ine."

A Evance anaphimba nkhope ndi chipewa. Kuyambira mwezi umenewo, ndiwo amene ankawapalasa Bambo Mateus kukatenga mankhwala.

Anakhalabe ndi moyo zaka zambiri. Mapiritsi sankadumphitsa, ngakhale masiku omwe ankamva bwino. Nandolo wa mchere wongowaza ankadya osadandaula, ndipo m'mawa ankayenda pang'onopang'ono kuzungulira munda akuchita kolona. Ku Limana, kagulu ka Akhristu a m'mudzi, ankavutitsa amuna anzawo: "Mwayezetsa BP? Musati ndili bwino, inenso ndinkatero." Carlos anapita monyinyirika, ndipo anamupeza nayo. Lero akulimabe.

Chaka chino, nyengo ya nandolo, mphamvu zinawathera. Bambo mfumu anabwera kudzawadzoza mafuta a odwala, iwo akuyankha mapemphero onse okha. Tsiku lomaliza anapempha kuti awakhazike pakhonde, awothere dzuwa la m'mawa. Mayi Marcia anawayambira nyimbo ya Amayi Maria, iwo akugwedeza mutu, ndipo ndime yachiwiri isanathe anagona.

Ife Akhristu a ku Milonde timayenda mokweza mutu kuti munthu wotere anali wathu. Pa mwambo wa maliro, a zaumoyo anaika tebulo loyezera BP pansi pa mtengo wa mango monga anapempha malemu, ndipo amuna omwe anakumba manda anasamba m'manja n'kukhala pamzere, atapinda mikono ya malaya.

Mzimu wawo uwuse mumtendere.