Buluku la Yusufu

Magaye, ndikudziwa kale. Mukangoona dzina langa pa gulupu mumati Wailesi yatsegulidwa. Chabwino. Ndinanama za nkhandwe ya ku Hillfields ija, sinandilande chikwama, inangondiyang'ana n'kumapita. Ndinanamanso kuti dalaivala wa basi ya ku Walsall anandipempha kuti ndimugwirireko chiwongolero. Koma iyi yokha, amene sakhulupirira abwere kwathu Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, umboni uli mu wadirobu. Iwe Bwalya, ndiwe unayambitsa zonsezi, unati buluku langa lotuwa lija ndikaliponye mu bini chifukwa likuchititsa manyazi Amalawi ndi Azambia omwe. Lero umva kumene linachokera. Mudzawawerengerenso ana anu oyankha m'Chingerezi aja akadzakula.

Ndisanabwere kuno kudzasambitsa azigogo ku kheya, nyumba zosamalira okalamba zija, ndinakhalako chaka ku Israyeli. Ankati ndi maphunziro a zaulimi. Maphunziro ake kunali kuthyola tomato mu girinihausi mpaka msana kuuma. Mayi anga ku Dedza za tomato analibe nazo ntchito. Foni iliyonse funso linali limodzi, manda a Abrahamu wawaona? Anali atalengeza kale kwa amayi anzawo a ku tchalitchi kuti mwana wawo ali m'dziko la m'Baibulo ndipo chithunzi chikubwera.

Tsiku lina lopuma ndinanyamuka ndekha. Ndinavala buluku langa loyera la pa Khirisimasi. Mabasi awiri ndi minibasi imodzi, ndinafika ku Hebroni dzuwa lisanafike pamutu.

Mandawo ndinawaona. Chithunzi ndinajambula, mano onse pamtunda. Ndinagula mphesa m'jumbo. Mpaka pamenepo linali tsiku wamba.

Pobwerera ndinafuna njira yachidule. Ndinaona msewu waukulu wowongoka, pakhomo pake pali asilikali ndi chitseko chachitsulo chozungulira. Bambo wina wachikulire wa Chipalestina anali patsogolo panga, atanyamula buledi. Anamubweza. Sanakangane nawo. Anangotembenuka ngati munthu amene wazolowera. Ine ndinaonetsa pasipoti ya Malawi. Msilikali anaitembenuza kawiri, anafunsa mnzake ngati dziko limeneli lilipodi, kenako anandilola.

Ndinalowa ndikudzimva. Ndinkati pasipoti yathu ndi yamphamvu.

Mumsewumo munalibe munthu. Mashopu mbali zonse ziwiri, zitseko zachitsulo zobiriwira, zonse zotseka. Ndinayesa ndi nthawi ya nkhomaliro. Kenako ndinaona kuti pazitsekopo palibe loko. Anachita kuwotcherera, chitsulo kulumikiza ku chitsulo. Udzu unali utamera pamasitepe. Chikwangwani cha telala chinali lendelende pa msomali umodzi. Ndinkamva nsapato zanga zokha.

M'mwamba mwa mashopuwo munali nyumba. Makonde ake anali otchingidwa ndi waya ngati khola la nkhunda. M'khonde lina munali mayi akuthirira maluwa m'zitini.

Phokoso linayambira kumapeto kwa msewu, kumene ndinkapita. Poyamba miyala ikugwera pamalata. Kenako kuphulika kuwiri. Kenako mfuti. Ndinali ndisanamvepo mfuti pafupi. Simveka ngati mu filimu. Imamveka ngati munthu akuswa thabwa louma.

Ndinabwerera kumene ndinalowera. Chitseko chozungulira chija anali atachitseka. Msilikali uja anandikuwira kuti ndichokepo, koma sananene kuti ndipite kuti.

Utsi woyera unayamba kukwawa mumsewu. Unandilowa m'maso, m'mphuno, pakhosi. Jumbo la mphesa linagwa, sindinalitole.

Ndinachita zimene Mmalawi aliyense angachite. Ndinathamangira pakhomo lapafupi n'kuyamba kugogoda. Ndinakuwa odi. Ku Hebroni, aise, ndikukuwa odi! Ndinamenya chitsekocho mpaka chikhatho kutupa.

Mawu anachokera m'mwamba, m'Chingerezi chodukaduka. Anali mayi wa maluwa uja.

"Chitseko chimenecho sichitseguka. Pita kumanzere, masitepe ang'ono. Osathamanga."

Ndinapeza kampata kopapatiza pakati pa nyumba ziwiri. Masitepe akukwera. Khoma lalifupi. Dzanja linatulukira pamwamba pa khomalo, linandigwira kolala n'kundikoka. Ndinagwera m'kabwalo kodzadza zidebe.

Anali mayi wamfupi, wonenepa pang'ono, wa msinkhu wa mayi anga. Mpango wakuda kumutu, masilipasi a pulasitiki kumapazi. Anadziloza pachifuwa n'kunena kuti Umm Yusufu. Kwathu tikanati amake Yusufu.

Anandilowetsa kukhitchini. Anadula anyezi pakati n'kundipatsa chibenthu chimodzi m'manja. Ine ndinaleredwa bwino, mlendo sakana chakudya. Ndinamuluma anyeziyo, ndikutafuna, misozi ili chuchuchu, ndikuthokoza. Mayiwo anandiyang'ana kwa kanthawi. Kenako anatenga chibenthu chinacho n'kuchiika pamphuno pawo. Anyeziyo anali wonunkhiza, wochepetsa ukali wa utsi. Kunja mfuti zikulira, iwo anaseka mpaka kugwira tebulo.

Anandionetsa khomo lawo lakutsogolo, lomwe ndinkagogoda lija. Mkati mwake anaikapo shelefu ya mabotolo a azitona. Anati chiwotcherereni asilikali, palibe wa m'nyumbamo amene anadutsapo. Msewu umene ine ndinayendamo ndi pasipoti yanga, iwo ankangouona kudzera pa waya. Anabadwira mumsewu womwewo. Shopu ya telala ija inali ya amuna awo.

Ndinafunsa kuti nanga amatulukira kuti. Analoza kudenga.

Sakanandisunga m'nyumbamo. Anati zikavuta chonchi asilikali amalowa nyumba ndi nyumba, ndipo mlendo wopezeka mmenemo amabweretsa mafunso kwa iye ndi kwa eni nyumba. Anati tinyamuke utsi usanathe.

Makwerero anali achitsulo, omangirira ndi waya kukhoma. Iwo anatsogola, masilipasi akulira phwa phwa. Sanagwire ndi manja awiri n'komwe.

Denga lake linali la simenti, lafulati. Panali mathanki akuda a madzi ndi chingwe cha zovala. Pachingwepo panali mipango iwiri, thaulo, ndi buluku lachimuna lotuwa. Anandiona ndikuliyang'ana. Anati ndi la mwana wawo Yusufu. Asilikali anamutenga miyezi ingapo m'mbuyomo, m'mawa akupita ku ntchito ya magalasi. Mlandu sanawauze. Anati amalichapa sabata iliyonse kuti akadzabwera lisadzanunkhe kabati.

Padenga lina, kutsidya, panali kanyumba ka asilikali kokutidwa ndi ukonde. Ndinaona chipewa ndi kamwa ya mfuti. Amake Yusufu anandiuza malamulo atatu. Manja aoneke. Usaloze. Usathamange, ngakhale miyendo ikupemphe bwanji.

Tinayenda. Iwo patsogolo, msana uli chilili, ngati akupita kukatunga madzi. Anamuyang'ana msilikaliyo kamodzi, osamwetulira, osagwetsa nkhope. Ine ndinkayang'ana zidendene zawo. Zinali zong'ambika ngati za mayi anga.

Kumapeto kwa denga lawo kunali mpata. Nyumba yotsatira inali patali ngati utali wa bedi. Pakati anayalapo thabwa limodzi. Pansi pake nsanjika zitatu, ndi zinyalala. Anati amuna awo atamwalira ambulansi sinaloledwe kulowa mumsewu, maliro anadutsa pa thabwa lomwelo, atakulungidwa m'bulangete.

Tinawoloka. Mmene tinawolokera ndinena kumapeto, musandifulumize.

Denga lachiwiri linali ndi nkhunda. Lachitatu linali ndi matiresi akale ndi njinga yopanda matayala. Phokoso linayamba kutsalira m'mbuyo. Utsi unkangomveka pang'ono pakhosi.

Pa nyumba yachinayi tinatsika masitepe n'kufika pa windo. Anagogoda kawiri. Mayi wina anatsegula, anasuntha poto, tinalowa podutsa pa sinki. Banja linali pa nkhomaliro. Palibe amene anadabwa. Bambo wa m'nyumbamo anangokoka mpando wake kuti tidutse, nkhalamba ina inandipatsa chidutswa cha buledi ndikudutsa. Ameneyo anali wodya, ndinayamba ndafunsa.

Amake Yusufu anati amadutsa m'khitchini imeneyo tsiku lililonse. Popita kumsika, popita kuchipatala, pobwera ndi botolo la gasi. Mtunda umene mumsewu ukanawatengera mphindi ziwiri.

Khomo la nyumba imeneyo linatulukira mumsika wakale. Anthu ankatseka mashopu mofulumira. Ena ankagulitsabe. Munthu wina ankakangana ndi kasitomala za mtengo wa nsapato, ngati kuseri kwa khoma kulibe kanthu.

Anandigwira pamkono mpaka pa siteji. Analankhula ndi dalaivala wa minibasi yachikasu, akundiloza. Dalaivalayo anandiika pampando wakutsogolo. Ndinafuna kuwathokoza bwinobwino koma Chingerezi chonse chinali chitathawa. Ndinangowomba m'manja mwa kwathu, n'kupinda maondo pang'ono. Anandimenya kambama kopepuka patsaya.

"Uwauze amayi ako kuti anyezi ndinakupatsa ndine."

Anatembenuka n'kubwerera komwe kunali utsi. Anati sangachedwe, mwina Yusufu angabwere n'kupeza m'nyumba mulibe munthu. Ndinaona mpango wakuda uja ukulowa pakati pa anthu. Nambala yawo sindinatenge. Dzina lawo lenileni sindilidziwa.

Ndinafika ku famu dzuwa likadalipo. Chithunzi cha manda a Abrahamu ndinatumiza. Mpaka lero chili pakhoma ku Dedza.

Tsopano za pathabwa.

Ena a inu munalipo ku phwando la Tadala ku Edgbaston, pamene ndinati ndinabereka mayi wina kumsana n'kudumpha naye madenga khumi, zipolopolo zikundipesa tsitsi. Munandigulira chakumwa. Yamikani mpaka anandijambula. Pepani.

Zoona zake ndi izi. Amake Yusufu anawoloka okha, masitepe anayi, osayang'ana pansi. Ine ndinaponda pathabwa, ndinafika pakati, mfuti inalira chapafupi. Ndinayang'ana pansi. Ndinakhala pathabwapo ngati ndakwera bulu, ndagwira ndi manja awiri, maso nditatsinzina. Ndinaitana mayi anga mokweza. Kenako ndinamva kutentha m'miyendo. Inde, Bwalya. Ndinadzikodzera. Buluku loyera la pa Khirisimasi. Zinadontha mpaka pansi, nsanjika zitatu.

Thabwa linagwedezeka. Anali iwo akubwerera. Anandigwira manja onse awiri, anandiimiritsa, n'kuyamba kuyenda chobwerera m'mbuyo akundikoka. Ankawerenga m'chilankhulo chawo ngati akuphunzitsa mwana kuyenda. Anati ndiziwayang'ana kumaso basi.

Titafika kutsidya anayang'ana buluku langa. Pa anyezi anaseka, apa sanaseke. Anandikhazika kuseri kwa thanki. Kenako anawolokanso thabwa lija kubwerera padenga lawo, poyera, msilikali uja akuwaona, mfuti zikulirabe. Anachotsa mapegi awiri mosafulumira. Anawolokanso kachinayi, buluku la Yusufu lili paphewa.

Anandifulatira ndikusintha. Linali lalitali, Yusufu ndi chimunthu. Anagwada n'kundipindira miyendo yake, kawiri kawiri. Langa lonyowa analiika m'jumbo n'kulisiya pakona. Anati alichapa, ndidzalitenge ndikadzabweza linalo.

Kuno ndikamasintha azigogo a ku Walsall amene zawachitikira pabedi, ena amalira ndi manyazi. Ine ndimangowasintha bwinobwino, sindiseka. Manijala amati ndili ndi mphatso. Si mphatso, ndinachita kuonera kwa munthu.

Sindikudziwa ngati Yusufu anatuluka. Sindikudziwa ngati thabwa lija likadalipo. Ndikaona Hebroni pa nkhani ndimaimitsa foni n'kumayang'ana madenga, mwina ndiona chingwe chili ndi buluku loyera.

Sekani za mkodzozo, ndakupatsani sabata imodzi yathunthu. Koma mu bini sililowa, Bwalya. Ndimalichapa Loweruka lililonse kuti lisanunkhe wadirobu. Ndi lobwereka, mwini wake alipo.