Chilatini Chimagwiridwa Kumchira

Ndili Folomu 2 ku seminale, Chilatini chinandionetsa zakuda. Lamulo tonse tinkalidziwa: ukalephera mayeso otsiriza chaka, umanyamula sutikesi yako osabwereranso. Ine ndinali nditalephera kale matemu awiri, ndipo mantha ndinali nawo.

Pa holide mayi ananditumiza kwa mlongo wawo, amalume anga olima mpunga kwa Malengachanzi, amene paunyamata wawo anaphunzirapo pasukulu yomweyo. Ndinawapeza kumunda akuingitsa mpheta, poti mpunga unali utayamba kucha.

"Tanditchulira mneni wa kukonda uja," anatero asanandifunse n'komwe za kunyumba.

Ndinayamba monyadira. "Amo, amasi, amati."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Amati chiyani, mphwanga? Akutiyo ndani? Chimenechi ndi Chichewa chovala mkanjo wa ansembe. Mawuwo ndi amas, amat. Basi, ima pomwepo."

Zinandipweteka, koma sananame. Lilime lathu silikonda mawu othera pouma ngati pa s kapena t, limangowonjezerapo i, ndipo ine ndinkalemba momwe ndinkatchulira. Amalume anatola kamtengo n'kulemba pamatope: ndikonda, ukonda, akonda. Pansi pake analemba amo, amas, amat.

"Waona? Chathuchi ndi mlamba, umaugwira kumutu. Chilatini gwira kumchira. Wochita, wochitiridwa, nthawi, zonse zili kumeneko. Iwe mchirawo ukuumata phala."

Malangizo awo sanali ambiri. Ukapatsidwa chiganizo, yamba wapeza mneni, kawirikawiri amakhala kumapeto. Usamasulire liwu usanaone pothera pake. Werenga pang'ono tsiku lililonse, mokweza, kuti khutu ligwire zimene diso laphonya. Pa mokwezapo ndiye anandigwiritsa ntchito, akuluakuluwo. Anandiimika pachulu kuti mpheta zikatera ndizizikuwira Chilatini m'malo moomba chitini. "Amat! Amant!" Ndikangowonjezera i, ankandigenda ndi kachibuma. Amayi a m'minda yoyandikana ankati mwana wa seminale uja mutu wazungulira.

Chimene ndimawasirira mpaka lero n'chakuti analibe buku ngakhale limodzi. Zonse zinkachokera m'mutu, iwo ali m'madzi ofika m'mawondo, ndipo sanatope nane.

Tsiku la mayeso ndinkangotchula mawu chamumtima, ndikudula i uja kumichira. Ndinakhoza, osati mwapamwamba, koma sutikesi yanga inabwerera pansi pa bedi langa ku seminale.

Nditapita kwathu ndinafunsa mayi chifukwa chimene munthu wodziwa Chilatini chotere sanakhalire wansembe. Mayi anasiya kupeta mpunga n'kundiyang'ana.

"Sanakuuze? Anawabweza ali Folomu 2, Chilatini chomwecho. Anachiphunzira okha kuno kumudzi, pa buku lobwereka, atachotsedwa kale. Ankati akufuna angodziwa chimene chinawagwetsa."