Timabotolo ta m'Chiuno mwa Mlamu Wanga

Lighton Hamusonde anakwatira mlongo wanga Gwendolyn, ndipo kuyambira tsiku la ukwati wawo ine mtima wanga sunakhazikike naye. Munthu wanji wosamwa, wosaseka mokweza, wosamba m'manja kawiri asanagwire chakudya? Anabadwira ku Chanyanya, mwana wa msodzi, koma madzi ankawaopa ngati mphaka. Bambo ake ataona kuti m'bwato salowa, anamutaya kusukulu. Sukuluyo ndi imene inamulowetsa mu labu ya fakitale ina yaikulu kuno ku Kafue, momwe anakhala zaka khumi ndi zinayi akutsuka magalasi ndi kuyeza ufa wa mankhwala pa sikelo, atavala chovala choyera ngati dokotala. Dokotala sanali, koma ukamuona akuyenda unkaganiza kuti chipatala chonse ndi chake.

Boma litayamba kugulitsa makampani, mu 1995 ntchito inamuthera pamodzi ndi anzake ambirimbiri. Ena anayamba salaula, malonda a zovala za kaunjika, ena anakhala makondakitala pa maminibasi a ku Lusaka. Iye anabwera kubutchala yanga kumsika, ine Fines wogulitsa nyama, atanyamula thumba lopanda kanthu.

"Mulamu, muzinisungilako mafupa ya ng'ombe," anatero. "Yaja yakulu, ya kumendo."

"Ya supu?"

"Iyayi. Ya nchito."

Ntchito ya mafupa! Ndinamupatsa, koma tsiku lina ndinamutsata mpaka kwawo ku Nangongwe. Kuseri kwa nyumba anali atamanga uvuni wa njerwa. Ankawiritsa mafupawo mpaka mafuta onse atachoka, n'kuwaotcha mpaka atayera mbee ngati choko, kuwasinja, kusefa, kenako kupanikiza ufawo kukhala timiyala tozungulira tonga mapiritsi a mutu, n'kutiotchanso.

Anandifotokozera mosabisa, ndipo kusabisako n'kumene kunandikayikitsa kwambiri. Anati ku Lusaka kuli mphunzitsi wa madokotala, a Peter Siame, amene ankafufuza mwala wotsekera mpata pamene fupa la munthu laphwanyika n'kusowa chidutswa. Fupa lootchedwa limatsala ndi chinthu chotchedwa kashiamu fosifeti, chomwenso chili m'mafupa athu, motero thupi silingachikane. Koma asanaganize n'komwe zoika mwa munthu, timiyalato tinkayenera kuyesedwa m'timabotolo ta madzi a mchere ofanana ndi madzi a m'magazi. Timiyalato tikhale momwemo masiku khumi ndi anayi, pa kutentha kwa thupi la munthu, osazizira. Pamwamba pa mwala pakamera kachikhungu konga fupa, ndiye kuti kuotcha kwa Lighton ndi kwabwino, ndipo a Siame amulemba ntchito mu labu yawo. Ntchito yeniyeni, ya malipiro a pamwezi. Nthawi imeneyo n'kuti mlongo wanga ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, akukhalira kugulitsa tomato pamsewu.

Makina ofunditsira analibe, ndipo magetsi a ku Nangongwe ankabwera akafuna okha. Ndiye mlamu wangayo anaganiza nzeru yake. Gwendolyn anamusokera lamba wa nsalu wa timatumba tisanu ndi kamodzi, iye n'kulowetsamo timabotolo, n'kumanga m'chiuno pakhungu penipeni, usana ndi usiku.

Tsopano tandiuzani. Zaka zimenezo tauni yonse inkangokamba za ausatana, za anthu olemera ndi magazi a abale awo. Ndiye pali munthu wotolera mafupa, wofukiza utsi wonunkha kuseri kwa nyumba, wokhala ndi zomangamanga m'chiuno. Mayi wina anaziona malaya a Lighton atakwera m'mwamba pokwera minibasi, ndipo pofika madzulo nkhani inali itafika kutchalitchi kwathu, komwe ine ndinali wolandira anthu pakhomo. Sindinamuteteze. Sindinamunenenso, poti khoswe akakhala pamkhate sapheka, koma mumtima ndinkati ndi zithumwa basi, labu ndi chophimbira chabe. Ndinkaopa kuti mwana ali m'mimba uja ndiye nsembe yake.

Tsiku lachitatu la kuyesako, malungo anamugwetsa. Gwendolyn anabwera kudzanditenga m'mamawa ndisanatsegule butchala. Ndinamupeza Lighton akunjenjemera pamphasa, thukuta kamukamu, akumasula lamba ndi manja osagwira bwino.

"Mulamu, thupi yanga yapya maningi, izaononga test. Muvaleko imwe. Ba Gwen sizingakwane pa mimba, elo bazankhala na ine ku chipatala."

"Ine? Vinthu ivi?"

"Ni manzi chabe na mwala. Osavula, chonde napapata. Pa kusamba chabe, mwamusanga musanga. Palibe wina wamene ningapase."

Mlongo wanga anali akundiyang'ana. Ndinamanga.

Kuchokera ku Nangongwe kufika kumsika si patali, koma tsiku limenelo ndinayenda ngati ndasenza maliro. Timabotolo tinali tofunda ndi thupi la munthu wina, ndipo madzi ake ankagwedezeka ndikaponda. M'chiuno munayamba kuyabwa. Ndinkamva ngati tikundiyamwa. Nditafika, ndinatseka chitseko, kuvula lamba, kumudzudzula m'dzina la Yesu, n'kumupachika pa msomali kuseri kwa firiji ya nyama. Unali mwezi wa Juni, wa mphepo ija yolowa m'mafupa kuchokera kumtsinje.

Ndikanakhala munthu wolimba mtima ndikanamubwezera zinthu zake n'kunena kuti sindifuna. Koma ine ndinachita zamanyazi. Nthawi yoona odwala ikayandikira, ndinkamanga lamba uja, kuyenda wapansi mofulumira kuti afunde, n'kukaima pambali pa bedi. Lighton ankatambasula dzanja n'kugwira m'chiuno mwanga.

"Yafunda bwino," ankatero, n'kutseka maso.

Ndikabwerera kumsika, lamba pamsomali. Ndinachita choncho masiku khumi ndi limodzi, ndipo tsiku lililonse ndinkadziuza kuti ndikupulumutsa banja la mlongo wanga.

Anatuluka m'chipatala ataonda ngati bango. Tsiku lakhumi ndi chinayi anasita chovala chake choyera chija, kukulunga timabotolo m'thawulo, n'kukwera minibasi ya ku Lusaka. Ine ndinkayembekezera kuti abwera ndi nkhani zosamveka, monga amachitira anthu a zamatsenga. Anabwera chakumasana, n'kuima pakhomo pa butchala. M'manja munali kapepala kokhala ndi zithunzi ziwiri zojambulidwa ndi makina okuza zinthu. China chinali cha mwala wa munthu wina, wochokera ku Kabwe, womera timaluwa toyera pamwamba ponse. China chinali cha mwala wake, wosalala, wokhala ndi timadontho apo ndi apo. Ndinaona ndi maso anga kuti zonse zimene ankanena zija zinali zoona.

Ntchito anapatsidwa wa ku Kabwe uja. Lighton anagumula uvuni sabata yomweyo. Patapita miyezi ingapo anasamutsa banja kupita ku Chanyanya, komwe anakhala zaka zambiri akuyeza nsomba za amalonda pa sikelo m'mbali mwa madzi amene ankawaopa aja. Amalonda ankamukonda chifukwa sikelo yake sinkanama.

Koma ndibwerere pakhomo pa butchala paja, chifukwa mpaka lero ndikagona ndimapaona. Ndinamufunsa kuti a Siame ati chalakwika n'chiyani.

"Bananifunsa ngati mabotolo yanazizilapo," anayankha. "Bakuti ngati yanazizila, tingabwezepo futi test, banipase mpata wina. Koma ngati yenze yofunda masiku yonse, ninshi kuocha mafupa kwanga ndiye kulibe nchito."

"Munabauza shani?"

"Nabauza zoona. Nati yenze na mulamu wanga, munthu wa kuchechi, sanganinamize. Imwe mbali yanu munachita, ba Fines. Nalephela ni ine."

Lusaka ndi ulendo wa ola limodzi, ndipo maminibasi anali akuitanira anthu kutsidya kwa msewu. Ndinkangofunika kutsegula pakamwa n'kuulula za msomali uja. Koma ndinatenga mpeni, kudula nyama ya pamsana yonona kwambiri, kumukulungira m'nyuzipepala, ndipo iye anaomba m'manja kundithokoza.