A Belita asankha phiri

Kwa Nazombe aliyense amadziwa kuti a Belita sakhala chofulatira phiri. Kaya ndi pamaliro, kaya pamsika pomwe amagulitsa nandolo ndi kalongonda, amayamba atembenuza mpando kuti phiri la Michesi likhale kumaso. Anzawo amawaseka kuti akudikira chibwenzi chochokera kumtundako. Iwo saseka nawo. Chaka chomwe napolo anatsika ndi miyala yaikulu ngati nyumba, amuna awo a Cornelius anali kudimba, ndipo mpaka lero alibe manda. A Belita anatsala ndi khanda kumsana, dzina lake Hilda.

Hilda uja anakula, anaphunzira unamwino, napeza ntchito ku Ulaya. Kumeneko anakwatiwa n'kubereka mwana wamwamuna, Owen, yemwe agogo ake amangomuonera pafoni. Kawiri konse Hilda anawaitana, kawiri konse anakana. Ndege ankaiopa, ndiponso nandolo akanakolola ndani?

Tsiku lina masana foni inalira iwo akupeta.

"Amayi, Disembala ino tikupita kutchuthi kumapiri," anatero Hilda. "Kumagwa chipale chofewa, anthu amamanga timatabwa kumapazi n'kumatsetsereka. Owen akufuna kuphunzira. Ndakutumizirani zithunzi za mahotela atatu, musankhe imodzi. Ndipo mubwere, pasipoti muli nayo kale."

Lichero linawapulumuka m'manja.

"Ukagone m'phiri ndi mwana? Iwe Hilda, mutu ukuyenda bwino?"

"Amayi, kuno si ku Phalombe. Anthu amapitako chaka chilichonse. Kaya mubwera kaya simubwera, ife tipita."

Apa a Belita anachita mantha. Ankamudziwa mwana wawo: akanena wanena, makani anatengera bambo ake.

Masiku atatu a Belita sanapite kumsika. Anakhala pakhonde akutambasula zithunzi zija ndi zala ziwiri. Wina akanaona makama oyera ndi magetsi, koma iwo ankayang'ana kuseri kwa madenga. Hotela yoyamba inali yokongola zedi, koma inakhala pakamwa penipeni pa chigwa, pomwe madzi ndi miyala zimatulukira. Yachiwiri inali ndi mzere wopanda mitengo kuchokera pamwamba mpaka pakhomo. Mzere wotero a Belita amaudziwa, amauona tsiku ndi tsiku pa Michesi. Phiri likadutsa penapake limabwereranso pomwepo.

Chomwe chinawaopsa kwambiri n'chakuti phiri lonselo linali lofunda zoyera. Lathuli limaonetsa zipsera zake, madzi a mumtsinje akafiira munthu umadziwa kuti kumtunda kwavuta. Nanga phiri lofunda umalidziwa bwanji zomwe likuganiza?

Hotela yachitatu inali yonyansa, kunena zoona, ngati shedi ya fodya. Koma inakhala pamsana wa chitunda, zigwa zikudutsa uku ndi uku, nkhalango yowirira ili kumtunda kwake. Anaimba foni.

"Yachitatuyo."

Hilda anaseka. "Yoipayo? Ili kutali ndi kotsetserekera, amayi. Tizikwera basi m'mawa uliwonse."

"Muzikwera. Ndipo chipinda changa zenera lake liyang'ane kuphiri."

Hilda anasiya kuseka.

"Chipinda chanu? Mubwera?"

"Iwe sudziwa kulira kwa phiri. Mwamuna wako sadziwa. Akalimve ndani?"

"Amayi, kuli anthu olembedwa ntchito yoyang'anira zimenezo."

A Belita anayang'ana Michesi. Panali chinthu chomwe anachisunga zaka zoposa makumi atatu, osauza mwana wawo ngakhale abusa, ndipo tsopano anachiulula.

"Tsiku lija, Hilda, ine ndinalimva. Bambo ako ali pakhomo, khasu paphewa, anandifunsa kuti chikulira n'chiyani. Ndinati ndi lole ikuwoloka pamlatho, pitani mukaone chimanga chisanakokoloke. Anapita chifukwa ndinanena ndine."

Kunamveka Hilda akupumira m'mwamba, kenako mawu a Owen chapatali akufunsa mayi ake chomwe akulirira.

"Pano ndikulidziwa," anapitiriza a Belita. "Sindingalisokonezenso ndi lole. Gula tikiti."

M'mawa mwake anapita kumsika wa kaunjika kukafuna jekete. Ndege ankaiopabe, kuzizira ankakuopa, phiri lofunda lija ankaliopa koposa zonse. Anasankha jekete yokhuthala, koma ataona kuti chipewa chake chikutseka makutu, anapempha lumo n'kuchidula pomwepo.