Zitini za Apongozi Ndinazikhuthulira M'thumba

Inu owerenga, ine ndine munthu amene ndinachititsa kuti apongozi anga aikidwe pafamu ya eni, pakati pa anthu osawadziwa, chifukwa cha matumba awiri a kapenta. Sekani ngati mukufuna. Nanenso masiku ena ndimadziseka, koma kuseka kwake ndi kuja kolumira mano.

Zinali zaka za nkhondo zija, dziko likadali Rhodesia. Ine ndinali wamalonda ku Bindura: kapenta, sopo, nsalu, mbale zamalata, chilichonse chimene mkazi wa munthu wamgodi angafune tsiku la malipiro. Pakamwa panga panali poterera. Ndinkatha kukugulitsani tambala n'kukulumbirirani kuti mawa aikira.

Mzungu wina wa kumgodi ankathawa nkhondo, ndipo ankagulitsa kombi yake. Sinali kombi wamba. Inali nyumba yoyenda, yokhala ndi bedi, kasitovu ndi makabati, imene ankapita nayo kokawedza. Ndinanenerera naye masiku atatu. Ndinamenya matayala ndi nsapato, ndinapukusa mutu, ndinachoka kawiri ngati ndakwiya, mpaka anandiponyera makiyi pamtengo umene mpaka lero ndimaunyadira. Nzeru zanga zonse zinathera pamenepo.

Apongozi anga, Che Amidu, bambo a mkazi wanga Asiyatu, anali fitala, wokonza makina, pamgodi kuyambira pamene anachoka ku Mangochi ali mnyamata. Sankalankhula zambiri. Nditawauza mtengo wa kombiyo sanandiyamikire ngakhale pang'ono. Anangotsegula kumbuyo, n'kuyang'ana injini nthawi yaitali, kenako n'kufunsa kuti ikadzandifera pamsewu ndidzaitsitsimutsa ndi pakamwa panga kodi. Masiku amenewo masipeya ankasowa ngati mano a nkhuku, poti mayiko akunja anali atatseka malonda ndi dziko lino.

Nkhalamba ija inataya Loweruka ndi Lamlungu lathunthu pa kombi yanga. Inasankha kabati yaikulu ya pansi pa bedi. Inasonkhanitsa zitini za mkaka ndi za jamu, n'kuzilemba ndi penti yoyera: ichi mapulagi, ichi mapointi, ichi mafyuzi, ichi mawaya, waya aliyense wokulungidwa payekha. Inakhoma timatabwa kuti zitinizo zisamagubuduke pa mabampu. Masipanala inawasokera kansalu ka matumbamatumba, kuyambira wamng'ono mpaka wamkulu, kuti wina akasowa malo ake azikuuza okha. Lamba wa injini inamupachika pamsomali. Pomaliza inandipangira nyale yoyesera magetsi: kababu, waya, ndi msomali wonola. Inandionetsa kuti waya umamangirira pachitsulo, msomali n'kumakhudzitsa malo ndi malo. Babu likayaka, moto ukufika. Likapanda kuyaka, bwerera m'mbuyo mpaka upeze pamene wathera.

Atatseka kabatiyo anati, "Akamwini, kabati iyi si yanu, ndi ya galimoto. Katundu wanu muziika kwina."

Ndinavomera ndi manja awiri, ngati mkamwini waulemu. Koma diso la wamalonda, inu owerenga, likaona malo limaona ndalama. Sipanathe miyezi iwiri ndisanayambe kuwerengera kuti m'kabati muja mungalowe matumba awiri a kapenta, mouma bwino, komanso mobisika kwa asilikali a pa rodibuloko amene ankati aliyense wonyamula ndiwo zambiri akudyetsa anyamata akutchire omenyana ndi boma. Tsiku lina ndinatenga thumba la kapenta lopanda kanthu, n'kukhuthuliramo zonse: mapulagi, mawaya, masipanala, nyale ija, pamodzi ngati nyemba zosasankha. Ndinalimanga pakamwa n'kuliponya pakati pa katundu wina. Mumtima ndinati chitsulo ndi chitsulo, kaya chagona m'chitini kaya m'thumba. Zitinizo sindinataye, ayi, munthu ngati ine sataya kanthu. Ndinkayezera kapenta pamsika. Amayi ankabwera n'kumati ndipatseni wa pulagi mmodzi, ine n'kumaseka nawo, chitsiru chenicheni.

Chaka chotsatira chifuwa cha m'mgodi chinawagwetsa Che Amidu. Anakakhala kwa mwana wawo wamwamuna, alamu anga a Yusufu, ku Shamva. Tikapita kukawaona ankabwereza chinthu chimodzi chokha: kuti akadzatisiya tidzawagoneke ku Bindura, pambali pa akazi awo amene anatsogola kale. Ndani anadziguguda pachifuwa pamaso pa anthu onse kuti asadandaule, kombi ilipo? Ndine.

Uthenga unafika m'mawa dzuwa litakwera, pafoni ya kusitolo ina. Mukudziwa kuti ife Asilamu maliro sitigoneka, timaika tsiku lomwelo. Kuwonjezera apo, kumafamu kunali kefiyu: dzuwa likalowa, wopezeka pamsewu ankangowomberedwa. Anyamata a kumzikiti anayamba kukumba manda pambali pa apongozi aakazi aja. Ine ndinathamangira kunyumba, poti m'kombi munafunika malo a jeneza, chonyamulira maliro, ndi a akuluakulu. Asiyatu, akulira choncho, pamodzi ndi amayi oyandikana nawo, anatsitsira katundu yense pakhonde. Ine ndinaima pomwepo n'kumawakalipira kuti achite changu. Thumba lija linkaoneka ngati anzake, linkanunkha ngati anzake, ndipo linatsika ndi anzake, ine ndikuona.

Ku Shamva tinapeza atasambitsa kale thupi ndi kulikulunga m'sanda. Tinaika jeneza pamwamba pa bedi lija. Tinakwera ine, a Yusufu, shehe ndi akuluakulu anayi. Nthawi inalipo yokwanira. Titayenda pafupifupi theka la ulendo, pachitunda china pafupi ndi famu ya fodya, injini inatsokomola kamodzi n'kuti zii. Petulo analimo. Ndikapotokola kiyi inkazungulira bwinobwino, koma osalira.

A Yusufu sanade nkhawa. Anati titsegule kabati ya bambo, poti ankaidziwa. Anathandiza nawo kukhoma timatabwa tija. Inu owerenga, pamenepo pakamwa paja pamene panagonjetsa mzungu panauma gwa. Ndikanatha kuulula, koma ndinkangoyembekezera chozizwitsa. Kabatiyo sikanatseguka jeneza lili pamwamba. Akuluakulu aja, akutchula dzina la Mulungu, ananyamula thupi la Che Amidu n'kuligoneka pamthunzi m'mbali mwa msewu. A Yusufu anatsegula chitseko, ndipo fungo la kapenta linatimenya tonse.

Anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu kuti, "Alamu, mwawatsitsa bambo pansi kuti tione nsomba?"

Akanandimenya mbama zikanakhala bwino.

Tinaikankha kombiyo, nkhalamba zikupuma wefuwefu, koma ayi ndithu. Ndinagwedeza waya aliyense ndi zala, onse ankaoneka abwinobwino. Ndinayesa kumasula sikulu ndi ndalama yachitsulo mpaka chikhadabo chinathyoka. Magalimoto anali osowa, poti petulo anali wa makuponi. Lole ya asilikali inadutsa osacheuka. Basi yomaliza inaima, koma dalaivala anati maliro sangakweze pakati pa anthu. Nditaulula kuti zitsulo zili m'thumba limene linatsala pakhonde, mkulu mmodzi anakwera kuti akalitenge, ngakhale tonse tinkadziwa kuti sangabwerere kefiyu isanakwane.

Anthu a pakomboni ya famuyo anatiwona n'kubwera. Ambiri anali ochokera kudziko la kwathu komwe, ngati Che Amidu, ena mwa iwo Asilamu, ndipo anali ndi kamanda kawo kuseri kwa mabani a fodya. Kunali kotentha koswa mtengo, ndipo dzuwa linali litapendeka. Shehe anagamula kuti tiike komweko. Ine, wosachita manyazi, ndinayamba kunenerera naye: tidikire ola limodzi, chabwino theka la ola, nanga tikagona pano n'kunyamuka mbandakucha? Anangokweza dzanja n'kuti, "Pano si pamsika."

Tinawaika dzuwa lisanalowe. Anthu osawadziwa ndiwo anakumba, anthu osawadziwa ndiwo anatigoneka. Ku Bindura khamu linadikira pamanda apululu mpaka linabalalika, ndipo dzenje lija anangolikwirira lopanda munthu.

M'mawa mkulu uja anafika ndi thumba. Ndinalikhuthulira pamsewu n'kumafufuza ngati nkhuku pa dzala. Nyale ija inali yopiringizana ndi mawaya, koma babu linali lamoyo. Ndinachita monga anandiphunzitsira. Pa batire linayaka. Pa koilo silinayake. Waya wopita pa koilo unali utaduka m'kati mwa chikopa chake, kunja ukuoneka wosalala ngati ine ndemwe. Ndinatola waya wina, wokulungidwa ndi manja a Che Amidu, n'kulumikiza. Tiyi amene anthu a pakomboni anatipatsa anali asanazizire pamene injini inalira. Inalira mokoma, mwanyonga, ngati palibe chimene chachitika. Ndinamenya theche chitseko chake mpaka chinapindika, ndipo chidakali chopindika.

Ndipo poti uchitsiru suyenda wokha, nditafika kunyumba ndinayamba kukalipira Asiyatu kuti anatsitsiranji thumba la zitsulo. Sanakweze mawu. Anati, "Ine ndinatsitsa thumba la kapenta. Amene analisandutsa kabati ndi ndani?" A Yusufu anatha zaka zitatu akundipatsa moni wa m'maso okha.

Tsono inu amene muli ndi galimoto, makamaka inu ochenjera anzanga amene mumati malo opanda malonda ndi malo otayika, ndimveni. Chida chilichonse chikhale ndi pogona pake, podziwika ngakhale kwa munthu amene akutsitsa katundu maso ali ndi misozi. Chotengera masipeya chisafanane ndi chotengera china chilichonse. Musanatembenuze kiyi, ngakhale muli pachangu chotani, tsegulani muone ndi maso anu. Ndipo munthu wa ntchito yake akakukonzerani chinthu, musachisinthe chifukwa choti simunaone phindu lake mwezi woyamba. Galimoto sifa tsiku lopita kumsika. Imadikira tsiku limene mwalonjeza.

Zitini zija ndinazitsuka n'kuzibwezera pa timatabwa tawo, kupatula chimodzi chimene ndinali nditagulitsa kale pamodzi ndi kapenta wake. Malo ake ndinawasiya opanda kanthu dala. Chaka chilichonse mvula ikatha ndimanyamula khasu n'kukalambula manda awiri, ena ku Bindura, ena kuseri kwa mabani. Msewu wowalekanitsawo ndinaumanga ndine.