Arzula Gaines Anamangidwa Tsiku Lolakwika

Arzula Gaines, amene tinamuika m'manda mu 1979, anabadwira m'munda wa thonje wa eni ake, kumwera kwa Georgia, ku America. Sukulu anailekeza atangodziwa kulemba dzina. Bambo ake pomwalira anamusiyira lole yakale yotsokomola, ndipo loleyo ndi imene inamudyetsa moyo wake wonse. Ankanyamula nkhuni, nkhumba, katundu wa anthu osamuka, nthawi zina bokosi la maliro galimoto ya maliro ikakana kulira.

Anali mkazi wamtali, wakuda bii, manja ngati mafosholo. Ankavala ovololo tsiku lililonse ndipo ankatafuna fodya. Ankakhala ndi mayi wina, Verlie Crump, m'kanyumba ka kuseri kwa njanji. Verlie ankachapa zovala za azungu. Sanali pachibale. Bedi linali limodzi. Ndikudziwa chifukwa makatani a m'chipindamo ndinasoka ndine. Tauni yonse inkadziwa. Anthu ankangoti "Arzula ndi mnzake uja," n'kulekera pomwepo.

Ine ndine Lutie Broadnax, telala. Nthawi imeneyo ndinali mkazi yekhayo m'komiti yomenyera ufulu wa anthu akuda m'tauni mwathu. Voti ndinalibe. Ntchito yanga inali kubweretsa khofi ndi kukauza amayi zimene abambo agwirizana. Amayiwo ndi amene ankakazinga milamba Loweruka lililonse n'kumagulitsa pabwalo la tchalitchi. Loya wa komiti ankalipidwa kuchokera m'chiwaya chimenecho.

Mu 1961 komiti inali ndi pulani. Padepoti ya basi panali chipinda chodikiriramo cha azungu, cha mipando ndi mbaula. Ife tinali ndi benchi panja, pansi pa denga lodontha. Komiti inafuna kuti mmodzi wa ife akakhale m'chipindamo, amangidwe, mlandu ukwere mpaka kukhoti lalikulu. Munthu wake anali atasankhidwa kale: Corinne, mwana wa Aphunzitsi Askew. Woyera khungu, wa kukoleji, woimba limba kutchalitchi. Diresi la tsikulo ndinali nditasoka. Magolovesi anagula bambo ake. Wojambula wa nyuzipepala analonjeza kubwera. Tsiku linali Lolemba lotsatira Pasaka.

Arzula sankadziwa zimenezi chifukwa palibe anamuuza. Mu Febuluwale anapita kudepoti kukadikira chitsulo cha lole chimene anaitanitsa ku Macon. Basi inachedwa. Kunagwa mvula yozizira, benchi n'kunyowa. Iye anatsegula chitseko cha azungu, n'kukakhala pafupi ndi mbaula, n'kuvula nsapato kuti ziume. Wogulitsa matikiti anamuuza kuti atuluke. Iye anati atuluka nsapato zikauma. Apolisi anafika zisanaume.

Mlandu unali wosokoneza mtendere. Chilango chake, kwa munthu wakuda wopanda loya, chinali miyezi isanu ndi umodzi m'munda wa akaidi. Verlie anapinyolitsa wailesi n'kumutulutsa pa belo.

Komiti inakumana m'chipinda chapansi cha tchalitchi. Abusa Whitlow anapemphera mwachidule, kenako anati, "Abale, tili pavuto. Wamangidwa munthu wolakwika."

"Tsiku lolakwikanso," anatero Aphunzitsi Askew. "Magolovesi ndagula kale."

A Dorsey, ometa tsitsi, anati, "Lamulo limene lamugwira Arzula si lomwelo likanagwira mwana wanu?"

"Lamulo ndi lomwelo, m'bale. Chithunzi ndi china. Mzungu wa ku New York akatsegula nyuzipepala, ayenera kuona munthu woti amumvere chisoni."

"Aone Corinne poti akufanana ndi mwana wake?"

"Dziko sindinalenge ndine."

"Ayi, koma mukulisita bwino."

Abusa anamenya tebulo pang'ono. "Za khungu tizisiye. Za ovololo tizisiye. Loya wa boma adzamufunsa funso limodzi: mumakhala ndi ndani? Akadzangofunsa, mlandu sudzakhalanso wa benchi. Udzakhala wa bedi. Ndipo adzati tonsefe ndi otero, kuyambira ine."

Abusa sanali munthu woipa. Zenera la nyumba yawo linali litawomberedwa kale ndi mfuti, ana ali m'kati. Loya tinali naye mmodzi, mlandu woti tiutenge unali umodzi, ndipo iwo ankaopa kuluza.

Ine ndinati, "Nanga Arzula akapita kundende?"

"Mlongo Lutie," anatero Abusa, "khofi wazizira."

Anakweza manja kuvota. A Dorsey okha ndi amene anati loya apite kukaimira Arzula. Ine ndinanyamula makapu, kenako ndinanyamula uthenga.

Mkulu wa amayi okazinga anali Mayi Odom, mkazi wamfupi wa mawu ngati wapolisi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Nkhuni zokazingira milamba amatibweretsera ndani?"

"Arzula."

"Timamupatsa chiyani?"

"Mitu ya nsomba."

"Ndiye Loweruka akakazinge Abusawo. Aphunzitsi awathandize, poti magolovesi ali nawo."

Loweruka limenelo pabwalo panalibe utsi. Lotsatira lakenso. Abambo awiri anayesa okha, anapsereza chiwaya ndi nsidze. Komiti inakumananso, ndipo ulendo uno Abusa anandifunsa ngati ndakhala bwino pampandopo.

Anagwirizana kuti loya apita, koma pa zinthu zitatu. Arzula avale diresi ndi chipewa kukhoti. Asiye fodya mpaka mlandu uthe. Verlie achoke m'nyumbamo, apite kwa achibale ku Florida, asaoneke m'tauni kapena kukhoti mpaka zonse zitatha. Mlandu wokwera kukhoti lalikulu unkatha chaka kapena ziwiri. Ananditumanso ine, poti tepi yoyezera inali yanga.

Ndinawapeza pakhonde. Verlie ankasita malaya a mzungu wina. Arzula ankapala chitsulo chija, chimene chinafika tsiku lotsatira atamangidwa.

"Imirirani," ndinatero. "Tambasulani manja."

"Mukuyeza diresi kapena bokosi, Mlongo Lutie?"

"Nsalu yake ndi yofanana. Khalani phee."

Verlie anaseka mpaka anaika simbi pansi. "Iwe, udzaoneka ngati bulu wovala katani."

"Diresi ndinavalapo pamaliro a amayi. Sindinafe."

"Anthu ena anatsala pang'ono."

"Chipewa nachonso," ndinatero.

"Bweretsani. Muikepo ndi mbalame ngati mukufuna."

"Fodya musiye."

Pamenepo anaganiza kaye. Kenako analavulira m'chitini n'kuti, "Ndasiya. Chatsala chiyani?"

Ine sindidziwa kuzungulira. Ndinanena monga anandiuzira.

Simbi inali itayamba kununkhiza thabwa. Verlie anaichotsa, n'kuiimika bwino. "Ndipita," anatero. "Azakhali a ku Jacksonville akhala akundiitana."

"Azakhali ako tinawaika chaka chatha. Bokosi ndinanyamula ndine."

"Alipo ena."

"Palibe."

"Ndikawapeza! Iwe, umve. Bondo lako ndi lotha kale. M'munda wa akaidi mulibe mpando. Amakudzutsa kusanache, khasu m'manja, mzungu pahatchi kumbuyo kwako. Ine ndikangokhala ku Florida n'kumachapa zovala za azungu ena. Zovala ndi zovala."

"Chaka kapena ziwiri."

"Ndiye bwanji? Sindisungunuka."

Arzula anandibwezera tepi imene inali ikadali paphewa pake. "Mlongo Lutie, kawauzeni Abusa kuti zikomo. Kudepoti anati basi ndikwere, bola ndidikirire panja. Iwo akuti loya nditenge, bola Verlie adikirire panja. Za panja ndatopa nazo."

"Ndiwe chitsiru," anatero Verlie.

"Unadziwa kale usanabweretse katundu wako muno."

"Chitsiru chachikulu, cha nsapato zonyowa."

Ndinapinda tepi n'kunyamuka. Ndili pageti ndinkawamvabe akukangana.

Komiti inati yayesetsa. Ndinayembekezera kuti amayi apitiriza kunyanyala, koma ayi. Mayi Odom anati, "Mlongo Lutie, ife tinamumenyera kuti apeze loya. Loya wapatsidwa, wamukana. Za m'chipinda mwakezo sindingazikazingire nsomba. Ndine mkazi wa dikoni." Amayi ena awiri sanabwererenso pachiwaya. Otsalawo anayatsa moto Loweruka lotsatira. Nkhuni anabweretsa Arzula. Palibe anamuuza kuti asiye, ndipo iye sanaone chifukwa chosiyira.

Tsiku la mlandu anavala ovololo yochapa, Verlie ataisita mpaka mzere wake ukanatha kudula mkate. Verlie anakhala pabenchi yoyamba ya mbali yathu ya anthu akuda, chikwama pamiyendo. A komiti tinalipo ine ndi a Dorsey. Woweruza anafunsa Arzula ngati anaona chikwangwani choletsa anthu akuda pachitseko chija. Arzula anati anachiona. Anafunsa chifukwa chake analowabe. Iye anati kunkagwa mvula. Za Verlie palibe anafunsa. Woweruza ankafulumira kunkhomaliro. Pambuyo pake Abusa anati kukhoti lalikulu akanafunsa ndithu. Mwina akanafunsa. Sindikudziwa.

Anamupatsa miyezi isanu ndi umodzi. Akaidi aakazi kumeneko ankavala madiresi a nsalu ya matumba. Choncho diresi anavalabe, la boma, losokedwa moipa kuposa limene ndikanasoka ine.

Lolemba lotsatira Pasaka, Corinne Askew analowa m'chipinda chija ndi magolovesi ake. Mtsikanayo sanalakwe chilichonse, ndipo sindilola munthu kumunena. Mwamuna wina anamulavulira kumaso, iye osaphethira. Anagona m'chitolokosi. Chithunzi chinatuluka, loya anapita, mlandu unakwera. Patapita zaka ziwiri chikwangwani chinachotsedwa. Dzina limene lili pakhoma la depoti lero ndi lake.

Verlie anaphunzira kuyendetsa lole m'miyezi imeneyo. Anagwetsa mpanda wa a Dorsey, koma makasitomala a nkhuni sanatayike. Lamlungu lililonse ankapita kumunda wa akaidi ndi mkate wa chimanga ndi fodya. Alonda ankafunsa kuti ndi ndani wake. Iye ankati, "Ndine wochapa."

Arzula anatuluka akutsimphina. Bondo lija silinapindikenso bwino. Sanadandaule kwa munthu, sanathokozenso munthu. Kumsonkhano wa komiti sanafikeko ngakhale kamodzi. Amayi tinadzapatsidwa mipando iwiri ya voti m'komitimo, nsidze za abambo aja zitamera. Umodzi unali wanga. Ndinadzutsa nkhani yake, ndinati komiti ikamupepese. Anandiyankha kuti ndi nkhani yakale ndipo tili ndi zambiri patsogolo. Zambiri zinalipodi.

Chachikulu chinali kalembera wa mavoti. Anthu a m'minda ankafuna kukalembetsa ku ofesi ya boma, koma eni minda ankawakaniza magalimoto, ndipo ulendo wapansi unali wautali. Arzula anayamba kuwanyamula. Palibe anamupempha. Ankaima pamphambano m'mawa, anthu n'kudzaza kumbuyo, iye n'kuwatsitsa pakhomo pa ofesi, apolisi akuyang'ana. Anamulipiritsa chindapusa cha nyali, cha mabuleki, cha matayala, mpaka cha utsi. Verlie ankakwera naye nthawi zonse, chifukwa bondo likakana ndiye ankagwira chiwongolero.

Tsiku lina komiti inakonza zoti tikalowe mu ofesimo ambiri nthawi imodzi, Abusa ali patsogolo. M'mawa mwake Abusa anapeza matayala onse a galimoto yawo atachekedwa ndi mpeni. Tinaima pamsewu, iwo ali mu suti yakuda, Baibulo m'khwapa, ine ndi Mayi Odom pambali. Nthawi inkatha. Galimoto imene inatulukira inali lole ya Arzula, kumbuyo kutadzaza anthu, udzu wa nkhumba ukadali pansi.

Inaima. Ine ndi Mayi Odom anthu anatikoka n'kutikweza kumbuyo. Abusa anapita kuchitseko chakutsogolo n'kuimapo, chipewa m'manja. Moyo wawo wonse anali asanakwerepo kumbuyo kwa galimoto ya munthu wakuda. Verlie anawayang'ana pazenera.

"Mwadzuka bwanji, Abusa?"

"Ndadzuka bwino, Mlongo Crump."

Abusa anadikirabe. Verlie anakonza chikwama pamiyendo. Arzula anaweramira kutsogolo kuti awaone bwino.

"Abusa, kuno kuli munthu. Kumbuyo malo alipo."

Abusa anavala chipewa. Anazungulira, anandipatsira Baibulo, anaponda tayala, amuna awiri n'kuwakoka m'manja. Anakhala pa thumba la chakudya cha nkhumba. Lole inatsokomola n'kunyamuka, ndipo ku ofesi tinafika nthawi yabwino.