Pulagi Ija Ndinaizula Ndine

Matipate atangobwera, ofesi yathu pa Boma ku Nkhotakota inalandira makompyuta atatu, zingwe zake zokumana m'kabokosi pansi pa tebulo. Mayi Asiyatu, amene anakalambira pa taipi, ankalemba makalata pa yawo, abwana n'kumawatsegula pa ina.

Tsiku lina ndinazula pulagi ya kabokosiko, n'kulumikizapo wailesi kuti ndimvere mpira. Kubwezera ndinaiwala.

M'mawa mwake mafayilo osaoneka. Abwana thukuta kamukamu, lokwana kudzaza nyanja ya Chia. Nditagwada pansi pa tebulo ndinaiona pulagi ija ili lende. Ndinadzuka n'kununkhiza kiyibodi ya mayi aja.

"Bwana, amadyera usipa pompano awa. Mafuta alowa, atseka njira ya mafayilo."

Ofesi yonse inafa ndi phwete. Mayiwo anayang'ana zala zawo.

"Mwananga, ndi Ramadani ino. Ndikusala ine."

Palibe anawamvera. Abwana anawabwezera pa taipi, kukhonde. Ine ndinabwezera pulagi mwakachetechete, n'kusanduka katswiri wa makompyuta.

Pa Idi anandibweretsera mpunga wa nyama m'kontena. Ndinadya wonse, pa kiyibodi yawo yomwe ija.